Unamumvetsera kwa mphindi zingati, mdzukulu wanga?

Mdzukulu wanga amene akavote koyamba kuno ku America wanditumizira uthenga pafoni. Akuti: "Agogo, pa chisankho chachipulula cha pulezidenti ndatsala ndi anthu awiri. Wina ndi wooneka bwino, akamayankhula mtima umachita kudumpha, ndipo anzanga onse akutumizirana timakanema take. Winayo akuti wagwira ntchito zambiri, koma akangoyamba kuyankhula ine ndimayasamula. Ndisankhe uti?"

Ndikudziwa, mwanawe, kuti ukudikira ndinene kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, kenako useke kuti agogo ayambapo. Lero sindinena zimenezo. Nkhuyu zina zimakoma kunja ndi m'kati momwe, ndipo yofota kunja nayonso imatha kukhala ndi nyerere zake. Ndaonapo anthu ogonetsa tulo poyankhula amene m'mutu munalinso mbee. Dzina sindikupatsa. Ukanandifunsa kuti munthu amadziwika bwanji, bwenzi titayambira pabwino. Ndiye ndikufunse ndine: awiriwa unawamvetsera kwa mphindi zingati aliyense, osadumphitsa, chala chili phee?

Ine ndi malemu agogo ako aamuna takalambira ku Iowa, kumene mpikisano umenewu unkayambira kuchokera mu 1972. Tsiku la caucus, msonkhano wosankhira munthu woimira chipani, sunkangolowa m'kachipinda, kuchonga pepala n'kutuluka ayi. Unkavala majekete awiri, poti imachitika mu Januwale kapena Febuluwale pamene chisanu chimaluma mpaka m'mafupa, n'kupita ku holo ya sukulu yapafupi isanakwane 7 koloko madzulo. Ochedwa ankapeza mwayi wawapita. Kumbali ya chipani cha Democratic, aliyense ankakaima pakona ya munthu amene akumufuna, poyera, aneba ako akukuona. Kenako ankawerenga mitu. Gulu limene silinafike 15 peresenti ya anthu a m'holomo linkauzidwa kuti silikukwanira, ndipo anthu ake ankapatsidwa nthawi yosamukira kwina. Apa ndiye pankakoma. Aphunzitsi a ana ako akukukokera uku, makaniko amene amakukonzera galimoto akukukokera uko, aliyense ndi zifukwa zake, ndipo iwe uyenera kuyankha ndi pakamwa pako. A Republican awo amamvetsera kaye oyankhulira opikisanawo, kenako n'kulemba dzina pakapepala mobisa, komabe nawo amakhala pansi limodzi usiku umenewo.

Chaka china ndinachita manyazi amene sindinawaiwale. Ndinakaima pakona ya bambo wina, dzina lake likhale, chifukwa cha kumwetulira kwake ndi mawu ake otsetsereka ngati mafuta. Mayi wina woweta nkhumba, nsapato zili matope okhaokha, anabwera mwaulemu ndithu n'kundifunsa kuti, "Amayi, za inshuwalansi yachipatala zimene akulonjezazo, ndalama zake wati azitenga kuti?" Ine ndinati wanena kuti aliyense athandizidwa. Iwo anati, "Zimenezo ndamva, koma ndalamazo azitenga kuti?" Ndinangoti kukamwa yasa. Mayiwo anali atapita kukamumvera katatu konse, kamodzi m'tchalitchi, kawiri m'nyumba ya munthu, ndipo funso lomwelo anali atamufunsa iye mwini, maso ndi maso. Sindinasamuke pakonapo, kunyada kunandigwira miyendo. Agogo ako aamuna anandiseka njira yonse yobwerera kunyumba, galimoto ikutsetsereka pa chipale.

Funso lachiwiri lija ndi limene ndikuona kuti likutha. Loyamba wandale aliyense amabwera ataliloweza, alangizi ake atamuphunzitsa mpaka poimitsa mawu ndi pomwetulira. Lachiwiri ndi limene limavula munthu jekete.

Aneba athu achikulire ankakonda kutisimbira za Jimmy Carter, ife tisanafike. Mu 1975 anayendayenda Iowa anthu asakumudziwa, mlimi wa mtedza wa ku Plains amene anakhalapo bwanamkubwa wa Georgia, mpaka ena ankafunsa kuti Jimmy wake uti. Ankagona m'nyumba za omutsatira, kuyankhula ndi tianthu tochepa pabalaza. Mu Januwale 1976 anaposa opikisana naye onse, ngakhale kuti amene anati sanasankhe aliyense ndi amene anachuluka kuposa iye. Kaya analamulira bwino kaya ayi, mpaka lero anthu amakangana, ndipo mu 1980 anagonja kwa Ronald Reagan, munthu amene anachokera ku mafilimu ndipo kamera ankaidziwa ngati m'bale wake. Koma amene anavotera Carter usiku uja ankadziwa munthu amene akumuvotera, poti ena mwa iwo anamuyalira pogona. Ku New Hampshire nako, John McCain mu 2000 anachititsa misonkhano yoposa 100 m'maholo a m'matauni, kuima pamaso pa anthu mpaka mafunso atha, ndipo anagonjetsa George W. Bush kumeneko ndi mavoti ambiri, ngakhale kuti pamapeto chipani chinatenga Bush.

Usaganize kuti ndikuti kale anthu anali anzeru okhaokha. Mu 1920 akuluakulu a chipani cha Republican anatulutsa Warren Harding, amene anthu ankati nkhope yake ndi ya upulezidenti. Anapambana, ndipo nduna yake ina, Albert Fall, inakathera kundende chifukwa cha ziphuphu za minda ya mafuta ya Teapot Dome. Pamenepo kunalibe TikTok. Nkhani ya mtsutso wa pa kanema wa 1960 uja munaiphunzira kusukulu, Richard Nixon atangotuluka m'chipatala, wowonda, thukuta lili kamukamu, pambali pa John F. Kennedy wowala ngati watsika kumwamba. Maso akhala akunamiza anthu kuyambira kalekale. Chimene chasintha ndi nthawi imene timapereka kwa khutu kuti likonze zimene diso lalakwitsa.

Mu 1858 Abraham Lincoln ndi Stephen Douglas, polimbirana mpando woimira Illinois ku Senate, nyumba ya malamulo, anatsutsana kasanu ndi kawiri, ndipo mtsutso uliwonse unkatenga maola atatu: woyamba ola limodzi, mnzake ola ndi theka, woyamba uja n'kubwereranso theka la ola. Anthu ankaima panja kumvetsera. Ofufuza atayeza nkhani za pa wailesi yakanema anapeza kuti mu 1968 wopikisana ankamveka akuyankhula masekondi oposa 40 asanamudule, koma pofika 1988 anali atatsika osakwana 10. Ndiye inu a masiku ano, chala chimathamanga kuposa khutu. Munthu asanamalize chiganizo mwamukankhira kale m'mwamba, kwabwera galu wovina.

Za Howard Dean ndinaziona ndi maso anga pa kanema usiku womwewo, pa 19 Januwale 2004. Anali dokotala, anakhalapo bwanamkubwa wa Vermont zaka zoposa khumi, ndipo usikuwo anathera pa nambala 3 ku Iowa, kumbuyo kwa John Kerry ndi John Edwards. Pofuna kulimbitsa mtima achinyamata amene anamugwirira ntchito, anatchula zigawo zimene akapiteko n'kumaliza ndi mfuu. Maikolofoni imene anagwira inali yotola mawu ake okha, phokoso la khamu osamveka, ndiye pa kanema anaoneka ngati munthu wozungulira mutu akukuwa yekha. Anaionetsa mfuu ija mobwerezabwereza sabata yonse. Lero ukafunsa munthu za Dean, akuuza za mfuu. Koma taona, anthu a ku Iowa amene anakhala naye pansi miyezi yambiri anali atamuyeza kale mfuuyo isanamveke, ndipo zifukwa zawo zinali zawo, zokhudza mfundo zake ndi mtima wake. Dziko lonse ndi limene linamuweruza ndi masekondi ochepa. Zinachitikiranso Edmund Muskie mu 1972 ku Manchester, New Hampshire, atayankhula mokwiya panja chipale chikugwa, anthu n'kumakangana ngati pankhope pake panali misozi kapena chipale chosungunuka.

Ya Rick Perry, amene anali bwanamkubwa wa Texas, imandiseketsa mpaka pano. Mu Novembala 2011, pa mtsutso, anati akathetsa maunduna atatu, natchula awiri, lachitatu n'kumuthawa m'mutu. Dziko lonse linaseka. Unali unduna wa zamphamvu, ndipo mu 2017 ndi iye yemweyo amene anapatsidwa kuti autsogolere. Kuiwala aliyense amaiwala, ine dzina lako lomwe ndimalisokoneza ndi la mlongo wako. Chimene oseka aja akanafunsa n'chakuti unduna akufuna kuthetsawo umagwira ntchito yanji, poti ndi umene umasamalira zida za nyukiliya za dziko lino. Funso limenelo silikwana mu kakanema.

Mwambo wathu uja unali ndi zilema zake, sindibisa. Namwino wogwira usiku sankatha kubwera. Mayi wa khanda, wodwala, msilikali amene ali kutali, onsewo mawu awo ankatsala panja. Nthawi zambiri m'holo monse munthu wakuda ndinkakhala ine ndi agogo ako basi, ndipo amene ankati Iowa sikufanana ndi America yense sankanama. Mu 2020 pulogalamu ya pafoni yotumizira zotsatira za a Democrat inasokonekera, masiku n'kumapita wopambana asakudziwika, ndipo mu 2024 chipanicho chinaika South Carolina patsogolo, a Democrat a ku Iowa n'kuvota potumiza mapepala pa positi. N'zachilungamo mwina, anthu ambiri apeza mwayi. Koma ine nditakhala pathebulo ndekha ndi envelopu ija, panalibe mayi wa nkhumba wondifunsa kuti ndalama azitenga kuti. Ndinachonga, n'kumata, n'kukaponya, ngati ndikulipira bilu ya magetsi.

Usade nkhawa, sikuti walakwa pokopeka ndi woyankhula bwinoyo. Kuyankhula ndi gawo la ntchitoyo. Pulezidenti amayenera kukopa aphungu a ku Congress, kutonthoza dziko pa tsiku la maliro, kuuza anthu zowawa iwo n'kumumverabe. Franklin Roosevelt anagwira mitima ya anthu ndi mawu ake pa wailesi nthawi ya umphawi waukulu uja wa m'ma 1930, ambiri osadziwa n'komwe kuti miyendo yake inali yopuwala motani. Ndiye wako wooneka bwinoyo mwina ali nazo zonse ziwiri. Kungoti iwe sunadziwebe, ndipo anzako okutumizira timakanemawo nawonso sanadziwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Foni yomweyo ili ndi misonkhano yathunthu, ya ola limodzi kapena kuposa, imene awiriwa anayankha mafunso a anthu wamba. Upeze umodzi wa aliyense, uike foniyo pathebulo, manja uwapinde. Zoyamba zija zolowezazo zilekerere zidutse. Udikire pamene munthu wokwiya waimirira, kapena pamene wina wabwereza funso chifukwa sanayankhidwe. Uone ngati wopikisanayo akuyankha zimene wafunsidwa kapena akuthawira ku nthano ya ubwana wake, ndiponso ngati pakamwa pake pamatuluka mawu oti "pamenepo ndinalakwitsa". Ukatero ukaone zimene anachita ali pampando. Ngati anali ku Congress, mavoti ake ambiri ndi olembedwa poyera. Ngati anali bwanamkubwa, pali bajeti zimene anasaina ndi malamulo amene anakana. Wotopetsa ujanso umuchite chimodzimodzi, usamukhululukire chifukwa choti ndi wotopetsa, poti "wagwira ntchito zambiri" wangomva kwa anthu.

Ukamaliza, upite kwa amalume ako, amene ndikudziwa kuti sagwirizana nawe pa chilichonse, ukawauze amene wasankha ndi chifukwa chake, pamaso, osati pa uthenga. Akakufunsa kachiwiri n'kupezeka kuti wangoti kukamwa yasa ngati ine tsiku lija, usachite zanga zoumirira pakona. Lamlungu ukabwera udzandiuze zimene anakufunsa, ndipo ubweretse jekete lochindikala, kuno kwayamba kale kuzizira.