Kafayilo kofotokoza app yanu kasakhale khodi, achimwene

Achimwene ena a ku Luwinga anditumizira imelo, akuti iwo ndi anzawo akupanga pulogalamu ya wiki yawoyawo yoti magulu a alimi ndi masukulu azisungamo zolemba, ndiye akufuna anthu ena azitha kumatako ma app, monga kalendala ya misonkhano kapena kaundula wa mamembala. Funso lawo ndi loti mu descriptor ya app iliyonse, kafayilo kofotokoza app-yo, aikemo chani, komanso ailembe mu khodi ya PHP momwemo kapena ikhale fayilo payokha. Atumizanso draft yawo, yayitali heavy, mpaka muli field ya mtundu wa batani.

Achimwene, payokha. Ndipo ikhale data basi, yoti munthu kapena makina awerenge osayendetsa kalikonse. A MediaWiki, ija imayendetsa Wikipedia, kale extension iliyonse, ndiye kuti app yomatako, inkadzifotokoza mu fayilo ya PHP yomwe umaiitana ndi require_once mu LocalSettings.php, ndiye kuti ungodziwa dzina ndi vesheni ya chinthucho unkayenera kuyendetsa kaye khodi ya munthu yemwe sukumudziwa nkomwe. Mu 2015, pa MediaWiki 1.25, anabweretsa extension.json ndi wfLoadExtension, zonse zija zinasanduka JSON wamba, fayilo ya data basi. Zili ngati katundu wa pa depoti wopita ku Karonga, kondakitala amangowerenga zomwe zalembedwa pa thumba, samasula kuti adziwe kotsitsira. A DokuWiki, pulogalamu ina ya wiki, ndiye anaphweketsa kwambiri, plugin.info.txt yawo ndi timizere ta base, author, email, date, name, desc ndi url, kwatha. A XWiki, inanso ya wiki, amatenga zambiri mu pom.xml ya Maven, chida chomangira mapulogalamu a Java. JSON, XML kapena tekisiti wamba, sankhani yomwe simudzatopa nayo, apa sinditayapo nthawi.

Pomwe ndikufuna mumvetsetse ndi pa id. Mu draft yanu muli name yokha ndipo ndi yomweyo mukugwiritsa ntchito pozindikira app, apa mudzalira. Dzina anthu amasintha, lero ndi Kaundula mawa komiti yakumana akuti likhale Mamembala Athu, ndiye ma app ena onse omwe amadalira dzina lakale aja angoima. Id ikhale yosiyana, zilembo zazing'ono, yopanda mipata, ndipo ikangotuluka isadzasinthenso ngakhale mwini wake atadana nayo. Dzina looneka ndi mawu ofotokoza musawalembe mu descriptor mwachindunji, ikanimo kiyi yokha ngati momwe descriptionmsg imachitira ku MediaWiki, mawu enieniwo akhale mu foda ya zomasulira ya i18n, chilankhulo chilichonse fayilo yake, en.json, ny.json, tum.json. Kuno ku Mzuzu simutenga nthawi wina asanafunse kuti Chitumbuka chili kuti, ndipo adzakhala akunena zoona.

Vesheni tsatirani semantic versioning, manambala atatu ngati 2.1.0, yoyambayo imakwera pokhapokha mwathyola zomwe ena amadalira. Kenako requires, pomwe app ikunena kuti ikufuna wiki ya vesheni yanji komanso ma app ena ati, ku MediaWiki amalemba ngati ">= 1.39.0". Koma kulemba kokha sikuthandiza, installer yanu iziwerenga zimenezi isanakhudze database, ikaona kuti china chikusowa ikane pomwepo ndi uthenga womveka. Ndi netiweki yathuyi, bandulo kuthera pakati, magetsi kuthima, app yolowa theka ndi yoopsa kuposa app yokanidwa.

Tsopano chomwe mulibiretu mu draft yanu, chomwenso chimasiyanitsa wiki ndi mapulogalamu ena. App ya pa wiki nthawi zambiri imabwera ndi masamba ake, ma template, mafomu, tsamba loyamba, ndipo wiki ntchito yake ndi yoti anthu azisintha masamba. Ndiye taganizani, mlembi wa gulu lina ku Chibavi watsegula tsamba loyamba la kalendala ija, walembamo malamulo a gulu lawo, maina a makomiti, zonse bwinobwino, patapita miyezi mwini app watulutsa vesheni yatsopano, admin wadina upgrade, ntchito yonse ya mlembi uja yafufutika. Kapena mukuchotsa app, simukudziwa kuti tsamba ili ndi la app kapena la anthu, ndiye mwina musiya zinyalala mwina mutaya zolemba za eni ake. Descriptor iyenera kutchula masamba omwe app yabweretsa, ndipo tsamba lililonse linene kuti ndi lotani: ili ndi khodi musaligwire, ili mutha kusintha koma pa upgrade tifunsane kaye, ili ndi chitsanzo chabe likangolowa ndi lanu. A XWiki pa upgrade amayerekeza zinthu zitatu, tsamba la vesheni yakale, la yatsopano, ndi lomwe lili pa wiki panopo, kenako amaphatikiza, zikasemphana amafunsa admin. Inu mwina simufika pamenepo chaka chino, palibe vuto, koma mndandanda wa masambawo ukhalemo kuyambira lero chifukwa kudzauwonjezera ma app atachuluka kale ndi chintchito.

Ikaninso nambala ya mtundu wa descriptor yeniyeniyo. MediaWiki ili ndi manifest_version, ndipo 2 inabwera pa 1.29 mu 2017 koma mafayilo a 1 anapitiriza kuwerengeka, poti loader imayang'ana nambalayo ndi kudziwa kawerengedwe kake. Ndi mzere umodzi wokha. Laisensi lembani mwa SPDX, mndandanda wa maina achidule a malaisensi, monga GPL-2.0-or-later kapena MIT, osati "yaulere", mawu amenewo aliyense amawamva mwake.

Za mtundu wa batani zija chotsani, ndi za CSS zimenezo. Field iliyonse yomwe mwaika lero wina adzaigwiritsa ntchito, ndiye mudzaisenza zaka ngakhale itakhala yopanda pake, pomwe kuwonjezera ina mtsogolo ndi kosavuta. Ine ndikanasiya zokakamiza zikhale id, version, requires, nambala ya manifest ndi mndandanda wa masamba, zinazo wofuna aike. Mukakonza tumizaninso, koma muyikemo ndi app imodzi yeniyeni, ngakhale kalendala yomweyo, tione ngati descriptor yake ikukwanira kuilowetsa, kuikweza ndi kuichotsa osataya tsamba la munthu.