Musamange nyumba yosungira agogo, ndalamazo zikawapeze pakhomo

Amayi, mwafunsa za ndalama zomwe ana a m'mudzi mwanu okhala ku Joni asonkha. Mwati ena akufuna mumange nyumba yosungiramo okalamba, pomwe achinyamata akuti agogo si chitukuko, zonse zipite kwa iwo. Ine ndikuti onsewo musawatsate.

Achinyamatawo ali ndi mfundo ndithu. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tilipo 17.5 miliyoni, ndipo oposa theka anali osakwana zaka 18. Koma awerengerenso bwino. Mnyamata wa zaka 25 lero adzakhala atadutsa 60 pofika chaka chomwe masomphenya a Malawi 2063 akuloza. Adzakalambanso ali ndi ana ochepa omusamala, chifukwa mu 1992 mayi mmodzi ankabereka ana pafupifupi 7, pofika 2016 anali atatsikira cha m'ma 4. Nanga penshoni? Lamulo la penshoni limati bwana aziika 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5 peresenti, koma ndi la olembedwa ntchito. Mlimi, wakabaza ndi mayi wogulitsa tomato pamsika mulibemo. Choncho dongosolo lomwe mudzi wanu ungakhazikitse lero ndi lomwe lidzawagwire iwo omwe mawa.

Za nyumbayo ndikukana kwamtuwagalu. Njerwa ndi malata ndiye mbali yotchipa. Chovuta ndi ufa, ndiwo, nkhuni, mlonda ndi osamalira mwezi ndi mwezi, ndipo mukukumbukira momwe mitengo inalumphira kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Osonkha akadzatopa, agogowo adzadya chiyani? Chinanso, agogo ambiri ndiwo akulera adzukulu, ena amasiye, ena makolo awo ali kutauni. Mukawachotsa pakhomo anawo atsala ndi ndani? Ndipo munda wa munthu amene wachoka pamudzi abale amayamba kugawana mwini wake ali moyo.

Yambani ndi kope ndi cholembera. Muyende khomo ndi khomo limodzi ndi amfumu komanso mlangizi wa zaumoyo, mulembe onse a zaka 60 kupita m'tsogolo: akukhala ndi ndani, denga likudontha kapena ayi, chimbudzi chilipo, chiphaso cha unzika ali nacho. Kenako mupite ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu kwa DC mukafunse za Mtukula Pakhomo. Pologalamuyi inayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo imatenga mabanja osaukitsitsa opanda munthu wotha kugwira ntchito. Si onse angalowe, koma mukafunse nthawi yolembanso maina kuti agogo osayenda asadzadumphidwe.

Ndalama zambiri mulipire nazo achinyamata omwewo kuti agwire ntchito m'makomomo. Afolere madenga mvula isanayambe, aumbe mbaula zosatha nkhuni, adzale nandolo ndi mitengo ya zipatso pafupi ndi nyumba. Chimbudzi musachipeputse. Gogo wa mawondo owawa sangathe kunjuta pa dzenje, ndiye amadziletsa kumwa madzi kuti asamapiteko pafupipafupi. Kampando ka njerwa kokhala ndi bowo, ndi mtengo wogwirira pambali, zimasintha moyo wake wonse.

Zina musunge za mayendedwe a kuchipatala. Agogo ambiri omwe timangoti maso anafa ndi ukalamba ali ndi ng'ala, ndipo ng'ala imachotsedwa, monga ku Nkhoma ndi ku Queens. Gogo akayambanso kuona, mdzukulu amene ankamugwira ndodo amabwerera kusukulu. Kamakina koyezera BP nakonso sikodula kwenikweni, mlangizi angakuphunzitseni kagwiritsidwe kake.

Nkhani ya ufiti musaiope kuitchula pamsonkhano. Ku Neno mu 2016 okalamba anayi anaphedwa mphezi itapha mtsikana, zinthu zopweteka mtima mpaka lero. Amfumu anene poyera kuti kutchula munthu mfiti ndi mlandu, komanso kuti kuyambira 2024 tili ndi lamulo loteteza okalamba. A MANEPO, mgwirizano wa mabungwe oona za okalamba, amagwira ntchito imeneyi, alembereni akuthandizeni kulimasulira kwa anthu.

Tsiku logawa ndalamazo, agogo akhale m'komiti, amayi ndi abambo omwe, ndipo ayambe ndiwo kulankhula. Mukamaliza kalembera wanuyo mutiuze mwapeza angati, tidzathandizane kuwerengetsa bajeti.