Mafunso a Owerenga: Kufufuza Makolo Achingelezi m'Mabuku a Kwawo

FUNSO: Bambo, ndine mayi wa zaka 46, ndimakhala ku Luchenza. Bambo awo a agogo anga aakazi anali mzungu amene ankagwira ntchito pa esiteti ya tiyi ku Mulanje cha m'ma 1920. Anabwerera kwawo agogo ali khanda ndipo sanamvekenso. Chimene tili nacho ndi dzina lake, chithunzi chimodzi chofwifwa, ndi mawu amene agogo ankanena akuti kwawo kunali ku Devon. Ana anga amandifunsa ndipo ndimasowa chowayankha. Kodi munthu ali kuno kumudzi angapeze mbiri ya munthu wotereyu? Ndiyambire pati?

YANKHO: Mayi, zikomo chifukwa cha kalata yanu. Dzina la mkuluyo ndalichotsa, poti mwina ali ndi adzukulu amoyo kwawoko. Inde, n'zotheka, ndipo ntchito yambiri mungaigwire pa foni kapena pa kompyuta muli ku Luchenza komweko. Angelezi akhala akulemba za ubatizo, ukwati ndi maliro kwa zaka zoposa 480, ndipo mabuku ambiri alipobe. Koma lamulo limene ndimalikakamira kwa aliyense ndi ili: muziyenda chobwerera m'mbuyo, m'badwo umodzi pa nthawi, ndipo musakwere pa dzina lina musanagwire pepala lotsimikiza dzina limene mwaimapo.

Muyambire kuno. Khalani pansi ndi akuluakulu onse a m'banja amene atsala, azakhali, amalume, ngakhale agogo a pamudzi amene makolo awo ankathyola tiyi pa esitetiyo, ndipo muzilemba zonse, zooneka zachabe zomwe. Azungu ambiri ankapatsidwa maina ndi antchito awo, choncho funsani ngati dzina muli nalolo ndi lenileni kapena lopatsidwa. Tembenuzani chithunzicho muone ngati kuseli kuli dzina la wojambula kapena tauni. Pitani ku tchalitchi kumene agogo anabatizidwa mukapemphe kuona buku la ubatizo. Ku Zomba kuli National Archives of Malawi, ku Mandala House mu Blantyre kuli laibulale ya Society of Malawi, ndipo malo onse awiri ali ndi nyuzipepala zakale ndi zolemba za eni maesiteti. Moto umene unapsereza maofesi a boma ku Zomba mu 1919 unaononga mapepala ambiri akale, koma munthu wanu ndi wa pambuyo pa motowo, ndiye muli ndi mwayi.

Mawu a agogo akuti Devon muwasunge bwino kwambiri. Ambiri mwa azungu a ku Nyasaland anali a ku Scotland, ndipo ife tonse tinkangowatcha Angelezi. Scotland ili ndi mabuku akeake, boma lake linayamba kulemba mu 1855, ndipo amapezeka pa tsamba la pa intaneti la ScotlandsPeople. Anthu amataya miyezi akufufuza ku England munthu wobadwira ku Glasgow. Devon ndi chigawo cha kum'mwera chakumadzulo kwa England, choncho inu njira yanu ndi ya England.

Mlatho woyamba ndi sitima. Ku The National Archives, ku Kew mu London, amasunga mindandanda ya anthu amene anakwera sitima zapamadzi kuchoka ku Britain kupita maiko akutali kuyambira 1890 mpaka 1960, ndiponso ya obwerera. Mindandandayi ili pa masamba a pa intaneti otchedwa Findmypast ndi Ancestry. Muyang'ane dzinalo pa sitima zopita ku Beira, Chinde, Durban kapena Cape Town. Imaonetsa zaka za munthu ndi ntchito yake, ndipo ya m'ma 1920 kupita m'tsogolo imaonetsanso keyala yake ya ku Britain. Mukapeza zaka zake, mwapeza chaka chimene anabadwa, mwina kuphonya ndi chimodzi.

Tsopano chaka choti muchiloweze ndi 1837. Kuyambira pa 1 Julayi chaka chimenecho, boma la England ndi Wales linayamba kulemba lokha kubadwa, ukwati ndi imfa, kudzera mu General Register Office, imene anthu amangoitcha GRO ndipo lero ili ku Southport. Munthu amene ankagwira ntchito ku Mulanje m'ma 1920 ayenera kuti anabadwa pakati pa 1870 ndi 1900, choncho alimo. Mndandanda wa maina ungaonedwe kwaulere pa tsamba la pa intaneti la FreeBMD komanso pa tsamba la GRO lenilenilo. Unakonzedwa m'magawo a miyezi itatuitatu, otha mu Malichi, Juni, Seputembala ndi Disembala, ndipo umapereka dzina, boma laling'ono kumene munthuyo analembetsedwa, nambala ya buku ndi tsamba. Makolo anali ndi masiku 42 oti alembetse mwana, choncho wobadwa kumapeto kwa Disembala angapezeke m'gawo la Malichi la chaka chotsatira. Musataye mtima mukamusowa m'gawo limene mumayembekezera.

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera m'mbuna, ndiye ndichedwapo pang'ono. Mndandanda si umboni. Kupeza John Smith ku England kuli ngati kupeza John Banda ku Kasungu: alipo ambirimbiri, a chaka chimodzi, boma limodzi. Muyenera kugula setifiketi yeniyeniyo. Ya kubadwa imanena tsiku ndi malo, dzina la bambo ndi ntchito yawo, dzina la mayi ndi dzina la kwawo asanakwatiwe. Dzina la kwawo la mayi ndilo kiyi, chifukwa ndi limene limakutsegulirani ukwati wa makolowo, ndipo mndandanda wa pa tsamba la GRO umalionetsa musanalipire n'komwe, zimene zimathandiza kusefa. Setifiketi ya ukwati imanena maina a abambo a onse awiri ndi ntchito zawo. Maina a amayi sankalembedwa konse mpaka 2021, chinthu chimene kwa ife otsata mtundu kuchikazi chimamveka chachilendo zedi. Pa zaka za okwatirana nthawi zambiri ankangolemba kuti ndi akuluakulu, kutanthauza kuti akwana 21, ndipo pamene analemba nambala, ena ankanama. Kulipira ndi kwa mapaundi, pa khadi la ku banki. Za kubadwa ndi imfa zakale amatumiza PDF yotsikirapo mtengo, choncho simufunika kudikira positi. Ndikudziwa kuti ndalama yakunja ndi yosowa, n'chifukwa chake ndikuti sefani kaye ndi zaulere, mugule imodzi yokha imene mwaikhulupirira.

Kusefako kumachitika ndi kalembera. Angelezi akhala akuwerenga anthu zaka khumi zilizonse, ndipo mapepala okhala ndi maina kuyambira 1841 mpaka 1921 ndi otsegulidwa. Munthu wanu muyenera kumupeza ali mwana m'nyumba ya makolo ake mu 1881, 1891 kapena 1901, pamodzi ndi abale ake, zaka zawo, ndi mudzi umene aliyense anabadwira. Kalembera wa 1841 musamukhulupirire pa zaka, chifukwa za anthu opitirira 15 ankazitsitsa kuti zithere pa 5 kapena 0, ndipo sankatchula mudzi wobadwira. Wa 1851 ndiye anayamba kutchula. Wa 1931 anapsa ndi moto mu 1942, ndipo mu 1941 kunalibe kalembera chifukwa cha nkhondo, koma kuli kaundula wa 1939 amene amapereka tsiku lenileni lobadwa. Ngati mkuluyo anali atabwerera kwawo pofika chaka chimenecho, mudzaona kumene ankakhala ndi amene ankakhala naye.

Mukabwerera m'mbuyo mibadwo iwiri kapena itatu mudzadutsa 1837, ndipo setifiketi zidzatha. Kuyambira apo ndi mabuku a tchalitchi. Mu 1538 Thomas Cromwell, nduna ya mfumu Henry VIII, analamula kuti parishi iliyonse izilemba ubatizo, ukwati ndi maliro. Oyambirirawo anali a mapepala osalimba, ndipo mu 1598 kunalamulidwa kuti akoperedwe pa zikopa, n'chifukwa chake ambiri amene alipo amayambira 1558, chaka chimene Elizabeth I analowa ufumu. Nthawi yomweyo anayambanso kutumiza kope kwa bishopu chaka ndi chaka, ndipo makope amenewa amapulumutsa munthu pamene buku la parishi linadyedwa ndi mbewa kapena kunyowa. M'zaka za nkhondo yapachiweniweni, kuyambira 1642 mpaka ufumu utabwerera mu 1660, mabuku ambiri ali ndi mpata.

Mabukuwa si ofanana. Akale kwambiri angangonena kuti pa tsiku lakuti anabatizidwa mwana wa uje, osatchula mayi, nthawi zina m'Chilatini, mmene William amakhala Gulielmus ndipo James amakhala Jacobus. Zinthu zinasintha mu 1754, pamene lamulo la Hardwicke linayamba kugwira ntchito: ukwati uliwonse unayenera kumangidwa mu Church of England, mpingo wa Angilikani, kupatula wa Ayuda ndi wa anthu a mpingo wa Quaker, ndipo okwatirana ndi mboni ankasaina kapena kuika X. Mboni zimenezo muziziwerenga, kawirikawiri ndi abale. Kuyambira 1813 mabuku a ubatizo anakhala osindikizidwa, okhala ndi malo olembapo maina a makolo onse awiri, kumene amakhala ndi ntchito ya bambo, ndipo a maliro anayamba kunena zaka za womwalira. Kumbukirani kuti limene lalembedwa ndi tsiku la ubatizo, osati lobadwa. Mabanja ena ankabatiza ana atatu tsiku limodzi. Komanso mwana akamwalira, dzina lake ankalipatsa wotsatira, choncho mukapeza ubatizo, onani buku la maliro ngati mwanayo anakuladi. Chisanafike chaka cha 1752, chaka chatsopano ku England chinkayamba pa 25 Malichi, kotero Febuluwale 1740 wa m'buku ndi Febuluwale 1741 pa kawerengedwe kathu.

Mabuku a maparishi a Devon ambiri amasungidwa ku Devon Heritage Centre mu Exeter, ndipo zithunzi zake zili pa Findmypast. Pa masamba a FreeREG ndi FamilySearch mungafufuze kwaulere. Banja likasowa m'buku la Angilikani, ganizirani mipingo ina. Devon inali ndi Amethodisti ambiri, ndipo mpingo wa Bible Christians unayambira komweko, ku Shebbear, mu 1815. Mabuku akale a mipingo yotere anasonkhanitsidwa ndi boma ndipo ali ku Kew. Maina nawonso ankalembedwa monga momwe wansembe wawamvera, ndiye muziyesa kalembedwe kosiyanasiyana.

Mayi, pali china chimene ndiyenera kukuuzani poyera. N'kutheka kwambiri kuti m'mabuku onsewa simudzapezamo dzina la agogo anu, ngakhale la mayi wawo amene anawalera yekha. Ana ambiri obadwa mwa njira imeneyi pa maesiteti sanalembedwe paliponse ku England, ndipo mungapeze kuti mkuluyo anakwatira kwawo n'kubereka ana ena amene sanamvepo za Mulanje. Zimapweteka, ndipo ndi bwino kukonzekera mtima. Malo amodzi amene nthawi zina choonadi chimatulukira ndi wilo, chikalata chonena mmene chuma cha munthu chidzagawidwire akamwalira. Kuyambira 1858 boma la England limasunga mndandanda wa mawilo onse, umafufuzidwa kwaulere pa intaneti, ndipo kope la wiloyo limagulidwa. Amuna ena ankasiyira kenakake mwana wa ku Africa. Mawilo akale a Devon, a chisanafike chaka cha 1858, ambiri anapsa mabomba atagwa pa Exeter mu 1942, koma ya munthu wanu ndi ya pambuyo pake. Njira ina ndi kuyezetsa DNA: ngati mdzukulu wake wa ku England anayezetsanso, mudzalumikizana. Zikatero muwalembere modekha, munene chimene mukudziwa ndi chimene mukufuna, ndipo muwapatse nthawi. Mbiri ya mayi amene anatsala ndi khanda ku Mulanje, imeneyo ili m'kamwa mwa azakhali anu, ndipo muilembe chaka chino, iwo akadali moyo.

FUNSO: Achimwene, ine ndili ku Johannesburg. Agogo anga aamuna, bambo a mayi anga, anabadwira ku Liverpool. Anzanga akuti zimenezi zingandithandize kupita ku UK. N'zoona?

YANKHO: Achimwene, anzanuwo sanakunamizeni. Kuli chitupa chotchedwa UK Ancestry visa, chimene nzika ya dziko la Commonwealth, monga Malawi, ya zaka 17 kapena kuposa, ingapemphe ngati mmodzi mwa agogo ake anabadwira ku UK. Chimalola kukhala ndi kugwira ntchito zaka 5. Ndi agogo enieni okha, bambo kapena mayi wa kholo lanu, osati m'badwo wa pamwamba pawo, choncho mayi a ku Luchenza aja sichiwakhudza. Sichifuna kuti agogowo akhale kuti anamanga ukwati, koma chimafuna mapepala olumikiza anthu atatu: setifiketi yonse ya kubadwa ya agogo yochokera ku GRO, ya pepala osati PDF, ya mayi anu yotchula bambo wawo, ndi yanu yotchula mayi anu. Ya ku Liverpool ndi yosavuta kuipeza. Imene imavuta ndi yapakatiyo, chifukwa ambiri obadwa nthawi ya Nyasaland sanalembetsedwe, kapena pa dzina la bambo panasiyidwa popanda kanthu. Yambani mwafunsa mayi anu chimene ali nacho m'sutikesi, kenako muwerenge malamulo ake pa tsamba la gov.uk nokha musanapereke ndalama kwa aliyense amene akuti akuthandizani.