Kwa asisi ofunsa kopita ndi ana Loweruka mu Lilongwe muno

Asisi, mwati mwangosamukira ku Area 25 kuchokera ku Mzuzu, ana anu atatu akungokhalira TV ndi foni, ndiye mukufuna malo apanja oti azikathamangako Loweruka koma osaboola m'thumba. Za kophunzirira kusambira ndi za malo a phwando la tsiku lobadwa zija akuyankhani ena. Ine ndikuuzani za kokayenda.

Yambani ndi Lilongwe Wildlife Centre, pa msewu wa Kenyatta, pakati pa tauni ndi City Centre. Malowa anawatsegula kuti azisamalirako nyama zovulala, zamasiye ndi zolandidwa kwa ozembetsa, choncho si zoo ayi. Muwauziretu ana zimenezi musananyamuke, chifukwa mwana amene mwamulonjeza mkango alira njira yonse yobwerera. Chimene mukupitira kumeneko ndi nkhalangoyo. Mukangolowa pang'ono phokoso la maminibasi limazilala, mumayenda pansi pa mitengo m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, mbalame zikulira, apusi akulumpha pamwamba panu, mwina mbawala n'kudutsa chapatali. Tinjira tilipo tatifupi ndi tatitali. Ngati wamng'onoyo sanakwane zaka 5, tengani kakafupi ndipo chitenje chisatsale, chifukwa pobwerera mumubereka basi. Polowa amalipiritsa, ine ndinkapereka masauzande ochepa pa munthu, ana motsikirapo. Koma chigwereni kwacha mu Novembala 2023 mitengo sikhalitsa, ndiye onjezerani ina m'chikwama.

Tsono machenjezo. Mu Lingadzi muli ng'ona, mwana asatsetserekere kumadzi ngakhale kukangosamba m'manja. Apusi aja anazolowera anthu. Mwana akamayenda ndi nthochi kapena bisiketi kumanja amamulondola, ndipo akhoza kumutsomphola n'kumukanda. Chakudya chizikhala m'chikwama chotseka, ndipo musawaponyere kanthu. Ana avale nsapato zotseka, osati mapatapata, ndipo asamalowe patchire kukathyola zinthu. Mvula ikatha chitedze chimakhwima, ndipo mwana wa m'tauni sachidziwa, amangoona tizikhokho taubweya n'kufuna kugwira. Nthawi ya dzinja ndiye matope ndi linthumbu. Miyezi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Mu Okutobala ndi Novembala fikani m'mawa geti ikangotsegulidwa, pomakwana 11 koloko muzikhala mukutuluka.

Chimene ndikukuchenjezani kwambiri ndi timalo ta anthu tamipanda tija tadzaza m'ma Area mu, tokhala ndi jumping castle (chinyumba chopopa mpweya chimene ana amadumphamo), katungwe ndi kadziwe kosambiramo. Ndaona ena akukutchulirani ambiri ngati kuti onse ndi abwino. Ine ndinapita ndi anga kwina kwake, dzina sindilitchula. Pa geti tinalipira cha m'ma K5,000 mwana mmodzi, ine n'kumati tamaliza. Kulowa mkati, jumping castle ndalama yake, kadziwe ndalama yake, kupenta kumaso ndalama yake, ndipo madzi akumwa amene tinanyamula anatilanditsa pa geti kuti tikagule awo. Izo zikanapiririka. Koma masana magetsi anazima, jenereta analibe, ndipo jumping castle ija inayamba kuphwa ana asanu ndi mmodzi ali mkati. Mwana wanga wamkazi ndinamukoka mwendo pansi pa chisailu cholemera chija, akulira mosatulutsa mawu. Wantchito woyang'anira panalibe, tinathamanga ndife makolo. Mpaka lero akachiona chinthu chimenechi amandigwira chitenje. Ndiye ngati mupite kumalo otere, funsani musanalipire: ndalama ya pa geti ikukwanira chiyani, magetsi akazima amatani, ndipo pa kadziwe pamakhala munthu wamkulu wodziwa kusambira kapena ayi. Akamayankha mozungulira, bwererani. Komanso chotsetserekapo chachitsulo muziyamba mwachigwira nokha ndi dzanja, masana chimatentha moti chimawotcha ntchafu za mwana.

Tsiku limene m'thumba mwapepuka, pitani ku Botanic Gardens kufupi ndi Nyumba ya Malamulo ndi Capital Hill. Kumeneko kulibe zoseweretsa, koma malo ndi aakulu. Tengani mpira, mkeka, mpunga wanu wa kunyumba ndi madzi okwanira. Khalani pamene pali mabanja ena, osati kukona kwa zii, ndipo dzuwa lisakuloweleni. Mukatero mutha kudutsira ku manda a Kamuzu Banda, amene ali chapafupi pomwepo, ndi ku chipilala chokumbukira asilikali omwe anafera kunkhondo. Wamkuluyo ngati ali ku pulayimale zimuthandiza, zimene amawerenga m'buku aziona ndi maso.

Amene akuti mungopita ku Salima sanawerenge bwino funso lanu. Mwafunsa za mu mzinda muno. Ku Senga Bay ndi mtunda woposa makilomita 100, mafuta ake si a Loweruka lililonse, ndipo ana akakasewera m'madzi odekha am'mabango pali nkhani ya likodzo. Ulendo umenewo usungireni holide. Enanso akuti Gateway Mall, koma kumeneko ana akangokhala pampando n'kumanyambita ayisikilimu, pamene inu mukufuna atuluke thukuta.

Kuchokera ku 25 mulibe galimoto, kwerani minibasi m'mamawa anthu asanachuluke, ndipo ana atatu musawakweze pa kabaza wa njinga yamoto mmodzi ngakhale woyendetsayo anene kuti akwana. Ndalama yobwerera ikhale padera, kuti ana akatopa mungotenga takisi.