Mwanayo Ukampereke Wekha M'manja mwa Mphunzitsi

Mdzukulu wanga, uthenga wako wandipeza. Ukuti mwana wa mlongo wako, uja ali Fomu 2 kuno ku Mayani, wasowa chogwira: anzake onse ali ku mpira wamiyendo, komwe iye amangokhala kunja kwa bwalo kudikira kuti wina atope, pomwe mphunzitsi wina wamuona kuti ali ndi mpweya wothamanga mtunda wautali ndipo akumuitanira kumeneko. Ndiye ukufunsa kuti pa masewera otchukawo ndi osatchukawo, umuuze atenge ati.

Ndiyankhe kaye zimenezo mwachidule, chifukwa si zimene zikundidetsa nkhawa. Mpira anthu amaukonda, ndipo palibe cholakwa. Chichokereni pamene Gabadinho Mhango anagoletsa chigoli chija kuchokera patali posewera ndi Morocco ku Cameroon mu 2022, mnyamata aliyense wa m'mudzi muno amadziona ngati iyeyo. Koma bwalo limalandira anyamata 11 okha mbali imodzi, ndipo otsalawo amakula akuombera anzawo m'manja. Ulemu wina umene dziko lino linalandira kunja unadzera kumene khamu silipita. Mamendulo amene Malawi anapata pa masewera a Commonwealth mu 1970 ndi mu 1986 anali a nkhonya, ndipo Catherine Chikwakwa anatenga mendulo ya siliva pa mpikisano wa achinyamata a dziko lonse lapansi ku Italy mu 2004 pothamanga mamita 5,000. Komanso usaiwale kumene mwanayu wabadwira. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, phiri lake likuyandikira 2,200, ndipo akatswiri a ku Kenya amachita kufunafuna malo okwera ngati Iten kuti mapapo ndi magazi awo zizolowere mpweya wochepa. Ife timangodandaula za kuzizira osadziwa kuti ana athu akukulira pamalo otere.

Chimene ndikadakonda ukadandifunsa n'chakuti mwanayu akakhala m'manja mwa yani, ndipo akampereka kumeneko ndani. Iwe ndiwe malume ake. Ngakhale uli ku Lilongwe ndipo tsitsi lako lidakali lakuda, mbumba ya mlongo wako ndi yako, ndipo nkhani yotere sitinkaimaliza ndi uthenga wa pafoni.

M'masiku athu mwana sankadzipereka yekha kwa munthu womuphunzitsa luso. Mnyamata akaonetsa dzanja losema mipini, kapena khutu la ng'oma, malume ake ankamutenga m'mawa kupita naye kwa mmisiri, mayi ake atapereka kaufa m'lichero kapena nkhuku ngati ilipo. Ine pamene ndinkalowa mganda, malume anga anavala jekete lawo la kutchalitchi. Tinafika kwa mkulu wa gululo, anatiyalira mphasa, malonje anachitika mosathamanga, anafunsana za kumunda ndi za odwala, ine nditakhala pansi chapatali osayankhula kanthu. Kenaka malume anaomba m'manja n'kunena kuti abwera ndi mwana wawo wa eni nyumbawo, amuone ngati ali ndi mwendo, akalakwa amudzudzule, zikakula adzatume mawu. Mkuluyo anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundiuza kuti mawa ndibwere ndi chikho chopangira badza. Zinathera pomwepo, koma kuyambira tsiku limenelo ndinalibenso ufulu wojomba. Tikapita kukapikisana kumudzi wina n'kugona komweko, kunyumba ankadziwa kuti ndagona pakhomo pa yani ndi kuti ndadya. Mkulu uja anandikalipirapo pamaso pa anthu chifukwa choseka mnzanga amene anaphonya sitepe, ndipo madzulo ake malume anali atamva kale. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma amakhala wako ngati eni ake abwera kudzakupatsa.

Lero ndimaona anyamata akukwera lole Loweruka kupita ku bonanza ya andale, n'kubwerera usiku ali mbuu ndi fumbi, ndipo ukafunsa mayi wa mwana kuti amene wawatengayo ndani, amangoti ndi kochi. Dzina lake salidziwa, kwawo sakudziwa. Ena mwa anawo mpira amaudziwira pa kubetcha asanaudziwe ndi phazi. Sindikuti ana a masiku ano ndi oipa, ayi. Akuluakulu ndife amene tinasiya kuyenda nawo, n'kumaganiza kuti tikalipira fizi ndiye kuti tampereka mwana.

Pa masewera osatchuka mwambo umenewu ndi wofunika koposa. Mpira ngakhale mphunzitsi atasamutsidwa, mawa lake wina amatola wezulo. Kuthamanga, chesi kapena volebo nthawi zambiri kumaima pa munthu mmodzi wokonda zimenezo, wopanda omuchemerera, amene mwina amachita kupempha ndalama ya ulendo wopita ku mpikisano wa kuboma. Munthu wotero akaona malume wa mwana atabwera, kukhala naye pansi ndi kumuthokoza, amalimba mtima ndipo mwanayo samutaya. Ukakhala naye umufunse masiku amene amathamangitsa anawo, ngati amawasiyira nthawi yowerenga popeza chaka chino mwanayu alemba JCE, ndi amene amawaperekeza akapita kutali. Umuuzenso zimene iye sangazidziwe, monga zoti mwanayu nthawi zina amachoka kunyumba osamwa phala, chifukwa kuthamanga ndi njala kumafooketsa thupi limene likukula. Kwa mphunzitsi wa mpira upitekonso ndi ulemu womwewo, umve ngati akuona kuti mwanayu adzalowa m'bwalo kapena akungomusunga kuti azinyamula madzi.

Usade nkhawa kwambiri ndi kusankhako. Mwana wa msinkhu umenewu akhoza kuyesa kuthamanga teremu imodzi yathunthu, madzulo n'kumakankhabe chikulunga ndi anzake kudambo, ndipo palibe amene angamuchotsere chinzake chimenecho. Chimene sindifuna n'chakuti alowe lero, atuluke mawa chifukwa anzake amuseka kuti akuthamanga ngati wathamangitsidwa ndi galu. Akaperekedwa ndi iwe adzachita manyazi kusiya popanda kukuuza chifukwa chake, ndipo pouzanapo mpamene udzamve zimene mtima wake ukufuna.

Choncho kumapeto a mwezi uno ukwere basi ubwere. Uyambe walankhula ndi alamu ako, chifukwa masiku ano abambo a mwana nawonso amafuna kumva nkhani isanapite patali, ndipo n'zoyenera. Ufunsiretu mlongo wako saizi ya phazi la mwanayo kuti umugulire nsapato zopepuka za pakaunjika, ndipo popita kusukuluko udzavale buluku ndi malaya a kolala, osati kabudula uja unabwera naye pa Khirisimasi.