Za kapusi ka pa Chitakale: musakagule, achimwene

Achimwene, mwafunsa ngati mungagule kapusi kamene anthu akumanga ndi chingwe m'chiuno pa Chitakale kuti mukakamasule m'phiri la Mulanje. Mtima wanu ndi wabwino, koma ayi, musatero. Mukangotulutsa ndalama, wogulitsayo mawa akagwiranso kena, ndipo nthawi zambiri mwana wa pusi amapezeka mayi wake ataphedwa.

Kukakasiya kokha ku Likhubula, m'tsinde mwa phirilo, n'kukapha. Kazolowera nsima ndi manja a anthu, sikadziwa zakudya za m'tchire, ndipo gulu la apusi lachilendo lingakalume kapena kukathamangitsa. Mapeto ake kabwerera m'makomo kukaba nthochi, agalu n'kukamaliza. Kakakulanso kamaluma ana, mano ake si masewera.

Dziwitsani a Dipatimenti ya Nkhalango Zotetezedwa ndi Nyama Zakutchire kapena a Lilongwe Wildlife Trust, bungwe losamalira nyama zakutchire. Kusunga nyama yotetezedwa popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo zilango zinakhwimitsidwa mu 2017. Ku Lilongwe Wildlife Centre, malo a bungweli osungirako nyama zopulumutsidwa, madokotala amayamba akapima ndi kukasunga padera, kenaka kamalowetsedwa m'gulu la anzake. Magulu okonzeka amakamasulidwa ku Kasungu National Park.

Ndalama yogulirayo ingotumizani ku Lilongwe Wildlife Centre, zipatso ndi mankhwala zimafunika tsiku lililonse.