Burgundy ndi peach, tiwauze chani agogo?

Achemwali ena a ku Monkey Bay anditumizira imelo sabata yatha, akuti mng'ono wawo akukwatiwa ndipo akomiti asankha mitundu ya burgundy ndi peach, koma agogo akafunsa kuti ndiye mitundu yanji imeneyo aliyense akungoyang'ana pansi. Akufuna kudziwa komwe mayinawa anachokera, komanso ngati ife m'Chichewa tili ndi athu.

Achemwali, musaope nawo mayinawa, azungu anangoloza zomwe amadya ndi kumwa basi. Burgundy ndi dera la ku France komwe amapanga vinyo wofiira moderako, mtunduwo unangotengera dzina la vinyoyo. Peach ndi mapichesi omwewa timagula pamsewu tikamadutsa ku Dedza. Olenji ndi lalanje, chipatso ndi chomwe chinayamba kukhala ndi dzinalo mtundu unabwera pambuyo, ndipo liwu lathuli la lalanje tinalitenga kwa Apwitikizi amene amati laranja.

Ine imene imandisangalatsa ndi ya pepo. Kalekale anthu a ku Tyre, kumene lero ndi ku Lebanon, ankatola tinkhono ta m'nyanja yamchere nkumafinya timadzi take kuti anyikire nsalu, ndiye tangoganizani nkhono zingati kuti mkanjo umodzi ukwane, nchifukwa chake nsalu yotero inali ya mafumu ndi anthu a ndalama zawo, ndipo dzina la mtunduwo linachokera ku dzina la Chigiriki la nkhonoyo. Miyala nayo ilimo, ruby ndi mwala wofiira umene umapezeka ngakhale kwathu kuno pa phiri la Chimwadzulu ku Ntcheu.

Nanga ife? Timachita zomwezo kungoti tinazolowera sitizindikiranso. Tikati diresi lachikasu, chikasu ndi kamuzu kaja amayi amasinja nkuthira mu ndiwo. Nsapato zakhofi, ndi khofi wakumwa uja. Chamsipu, chaphulusa, chamtambo, nsalu ya mawanga ngati nkhanga. Zonsezi ndi kuloza chinthu chomwe aliyense amachidziwa.

Ndiye agogo auzeni chonchi: agogo, nsalu inayo ndi yofiira ngati madzi a chidede atawira bwino, inayo ili ngati mkati mwa papaya limene langoyamba kupsa. Amva pompo, mwinanso kuposa akomitiwo.

Koma kwa atelala musadalire pakamwa, dulani kansalu mupite nako. Ine chaka chatha ndinawalembera atelala ena pa Mangochi boma pa WhatsApp kuti andigulire nsalu ya salmon andisokere malaya, osaganiza kuti bambowo nsomba zawo ndi chambo ndi usipa, salmon sanaionepo. Anafunsa mwana wawo, mwana nkuwauza kuti ndi pinki. Malayawo ndili nawobe mu sutikesi, pinki wake wowala ngati switi wa ana uja.